Hatchi ikasiya mjaha isatayidwe

Sabata ino tikambeko za mahatchi a mjaha, poti ine ndidagwirapo ntchito yowasamala ku Harare.

Hatchi imayamba mjaha ili ndi zaka 2 kapena 3, ndipo mahatchi ambiri amasiya asanakwane zaka 8. Komatu nyamayi imakhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30. Ikapanda kuphunzira ntchito ina, mwiniwake amaiona ngati yongotha chakudya, mwina nkuipha. Nchifukwa chake ku Britain adakhazikitsa bungwe la Retraining of Racehorses mu 2000.

Choyamba tinkaipumitsa kubusa kwa miyezi ingapo. Chakudya chambewu chimene idazolowera tinkachepetsa pang'onopang'ono, nkumaonjezera udzu, chifukwa kusintha mwadzidzidzi kumaidwalitsa m'mimba.

Kenaka tinkaiiwalitsa zakale. Pa mjaha, wokwera akakoka zingwe hatchi imalimbana nazo nkumathamangabe, choncho iyenera kuphunzira kuti kukoka ndiye kuima. Idazoloweranso kukweredwa ikuyenda, ndiye tinkaiphunzitsa kuima nji mpaka munthu akhazikike. Zikatheka, mahatchi ena ankapita kukasewera polo, ena kukalumpha mipanda, ena kukanyamula alendo.

Ntchitoyi siisiyana ndi kuphunzitsa ng'ombe ya pagoli kukoka ngolo. Nthawi ikhale yochepa tsiku lililonse, mawu akhale omwewo, chikwapu chikhale kutali. Ine ndidaonapo hatchi ikugwetsa munthu amene adafulumira kuikwera. Vuto silidali la hatchi ayi, koma phuma la mwiniwake.