Magazi Adikire Wodwala, Osati Wodwala Kudikira Magazi

M'sewero munamva pa wailesi lija, mayi wina wa ku Nkhulambe anataya magazi ambiri atangobereka. Atafika naye ku chipatala chachikulu, adokotala anati mayiyo athiridwe magazi msanga. Mwamuna wake anathamanga kukamema abale. Mlamu wake anakana poopa kuti atha mphamvu, ndipo apongozi ake anati magazi otere amakagulitsa kunja. Mayiyo anapulumuka chifukwa mu furiji ya chipatala munali kale thumba la magazi lomwe mtsikana wina wa ku sekondale, yemwe sankamudziwa nkomwe, anapereka masabata awiri m'mbuyomo.

Seweroli litatha, magulu omvera wailesi anafunsa mafunso ambiri. M'mutu uno tiyankha ena mwa mafunsowo.

Ndani amene amathiridwa magazi?

Kuno kwathu magazi ambiri amapita kwa ana ang'onoang'ono omwe malungo awathera magazi, ndiponso kwa amayi otaya magazi pobereka kapena akapita padera. Ena ndi ovulala pa ngozi ndi ochitidwa opaleshoni. Mayi wotaya magazi kwambiri atabereka angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati salandira chithandizo.

Taganizani tsono. Inu muli ku Nambazo kapena ku Chitekesa, wodwala wanu watumizidwa ku Holy Family kapena ku chipatala cha boma ku Migowi. Kuti mumeme abale, apeze njinga, afike, ayezedwe ndi kupereka magazi, papita maola angati? Kumbukiraninso kuti m'nyengo ya dzinja misewu imaduka, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ichi ndi chifukwa chake magazi ayenera kukhala alipo kale, oyezedwa, wodwala asanafike.

Magazi a m'chipatala amachokera kuti?

Palibe fakitale yopanga magazi. Onse amachokera m'thupi la munthu wina. Kale chipatala chilichonse chinkadalira abale a wodwala basi. Matenda a Edzi atapezeka m'Malawi muno mu 1985, zinaonekeratu kuti magazi osayezedwa bwino angathe kupatsira wodwala matenda. Mu 2003 boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, mwachidule MBTS, lomwe lili ndi nthambi ku Blantyre, Balaka, Lilongwe ndi Mzuzu. Bungweli limayenda m'sukulu, m'mipingo ndi m'malo a ntchito kutolera magazi kwa anthu opereka mwaufulu, osalipidwa. Likawayeza limawagawa m'zipatala.

Magaziwa sakwana nthawi zonse. Ambiri mwa opereka ndi ana a sukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amasowa. Tchuti cha Disembala chimagwa m'nyengo ya mvula, pamene malungo amavuta kwambiri. Zikatero zipatala zimapemphabe abale kuti apereke.

Kodi ndikapereka magazi sindidwala?

Ayi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo amene amatengedwa ndi mamililita 450, osakwana ndi theka la lita lomwe. Madzi a m'magazi amabwerera m'masiku ochepa, ndipo m'masabata angapo magazi onse amakhala atabwereramo. Sizichepetsa mphamvu ya kumunda kapena ya m'banja.

Angathe kupereka ndi munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65. Abambo amaloledwa kupereka pakapita miyezi 3, amayi pakapita miyezi 4. Musanapereke amakukwezani pa sikelo ndi kukubayani pa chala kuti aone ngati muli ndi magazi okwanira. Mayi woyembekezera ndiponso munthu wodwala saloledwa. Singano ndi thumba zimakhala zatsopano ndipo zimagwira ntchito kamodzi kokha, choncho simungatenge matenda popereka. Idyani musanapite, ndipo mukapereka pumulani pang'ono ndi kumwa madzi ambiri.

Nanga za anamapopa zija?

Ife a ku Phalombe nkhaniyi tikuidziwa bwino. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala kuno, ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Phalombe ndi ku Mulanje poopa chiwawa. Palibe munthu amene anapezeka ndi umboni wopopa magazi.

Otolera magazi sabwera usiku kapena mobisa. Amabwera masana, atadziwitsa atsogoleri a pamalopo, ndipo palibe amene amakakamizidwa. Mukakayikira, funsani amfumu, aphunzitsi kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Mantha akakula, amene amavutika ndi mwana wa malungo uja.

Kodi magazi a munthu wosamudziwa ndi abwino?

Thumba lililonse limayezedwa ngati lili ndi kachirombo ka HIV, chindoko, malungo ndi matenda a chiwindi a mitundu iwiri otchedwa hepatitis B ndi C. Lopezeka ndi HIV, chindoko kapena matenda a chiwindi silipita kwa wodwala. Labwino limasungidwa mu furiji yakeyake, yozizira pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo lingathe kukhala pafupifupi masabata 5. Thumba limodzi angathe kuligawa m'timatumba ting'onoting'ono tothandiza ana angapo.

Koma dziwani ichi. Munthu akangotenga kumene HIV, pamapita masiku kachiromboko kasanayambe kuoneka poyeza. Ndi chifukwa chake musanapereke amakufunsani mafunso pambali, ena okhudza za kugonana. Yankhani zoona. Musapereke magazi pofuna kudziwa za m'thupi mwanu. Ngati mukukayika, pitani kaye mukayezetse.

Apa ndi pamene pali vuto ndi magazi a abale. Munthu amene banja lonse likumuyang'ana amachita manyazi kuulula za khalidwe lake, ndipo amangopereka. Wopereka mwaufulu, amenenso amapereka kawirikawiri, alibe chomukakamiza kunama. Pewaninso anthu ofuna ndalama kuti apereke magazi m'malo mwa mbale.

Chimachitika ndi chiyani wodwala akamathiridwa?

Magazi ali m'magulu anayi: A, B, AB ndi O. Atatu mwa maguluwa anawatulukira ndi dokotala wa ku Austria, Karl Landsteiner, mu 1901, ndipo tsiku lake lobadwa, 14 Juni, ndilo tsiku lokumbukira opereka magazi pa dziko lonse. Mbale wanu wa bere limodzi angathe kukhala wa gulu losiyana ndi lanu. Choncho a ku labotale amayamba asakaniza pang'ono magazi a wodwala ndi a m'thumba kuti aone ngati akugwirizana. Magazi osagwirizana angathe kupha.

Ngati ndinu woyang'anira wodwala, khalani pafupi, makamaka mphindi 15 zoyambirira. Itanani anamwino msanga mukaona wodwala akunjenjemera, kutentha thupi, kuyabwa, kubanika, kumva msana kupweteka kapena kukodza mkodzo wakuda. Musasinthe nokha kathamangidwe ka diripi.

Magazi si mankhwala opatsa mphamvu. Adokotala amayamba ayeza, ndipo amathira pokhapokha moyo uli pa chiswe. Akakuuzani kuti mapiritsi owonjezera magazi ndi okwanira, sikuti akukumanani.

Kupewa

Gonekani ana m'neti usiku uliwonse. Mwana akatentha thupi pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Muone m'zikhatho ndi m'zikope: mukayera, magazi achepa. Amayi oyembekezera yambani sikelo msanga, imwani mapiritsi owonjezera magazi ndi Fansidar monga akuuzirani, ndipo kachilireni ku chipatala.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Mukadakhala mwamuna wa mayi wa m'sewero uja, mukadawayankha bwanji apongozi?
2. Ndi zikhulupiriro ziti za magazi zomwe zili m'mudzi mwanu?
3. Ndani pa gulu lanu angapereke magazi otolera akadzabwera pa sukulu kapena pa tchalitchi chapafupi, makamaka mvula ikayandikira?