Kumata pulasitiki wa timabowo pa galasi

Mwina munaonapo basi kapena sitolo yomwe magalasi ake anakutidwa ndi chithunzi. Mukakhala panja simuona zam'kati, koma mukalowa mumaona kunja bwinobwino. Ameneyu ndi pulasitiki womata wa vinyl, yemwe ali ndi timabowo tokula pafupifupi mamilimita 1.5. Pa mitundu ina timabowoti timatenga theka la malo onse.

Mbali yakunja ndi yoyera, ndipo m'pamene amasindikizapo chithunzi. Yam'kati ndi yakuda. Masana chithunzi chimabweza kuwala kwambiri, choncho maso a munthu wapanja amathera pomwepo. Mbali yakuda simabweza kuwala, ndiye wam'kati amaona kuwala kodzera m'timabowo. Usiku mukayatsa nyali m'kati, zimatembenuka: wapanja ndiye amakuonani. Tsono musadalire pulasitikiyu pobisa katundu wa mu ofesi ya sukulu.

Pomata, tsatirani izi:

1. Tsukani galasi mbali yakunja, liume gwa.
2. Gwirizirani pulasitiki ndi tepi chakumtunda, ndipo asakhudze felemu.
3. Matulani pepala lakumbuyo pang'onopang'ono uku mukusalaza ndi khadi lokulunga m'kansalu, kuyambira pakati kupita m'mbali.
4. Musanyowetse galasi monga amachitira ndi masitika ena. Madzi amatsalira m'timabowo ndipo pulasitiki amamatuka.

Ntchito

Detsani pepala loyera mbali imodzi ndi makala, kenako muliboole timabowo tambiri. Ophunzira alisuzumire ali m'kalasi, ena ali panja. Afotokoze okha chifukwa chake akuona mosiyana.