Kompyuta ikusema zitsulo, koma mmisiri asachoke pamakina

Abale, mafoni mukugulitsa pamsikawo ali ndi kagalasi ka kamera kochepa ngati njere ya mphodza. Kagalasi kameneka kamaumbidwa m'chikombole chosemedwa ndi mpeni wa dayamondi, ndipo kusalala kwake amakuyeza m'mananomita. Nanomita n'chiyani? Tengani milimita imodzi, muigawe tizigawo 1 miliyoni. Kachigawo kamodziko mumangokwana maatomu anayi a kopa atandandalikidwa, basi.

Nanga munthu angaone bwanji zochitika pansonga ya mpeni wotere? Maso alephera, nawo magalasi okulitsa zinthu sangatsatire mpeni uli pantchito. N'chifukwa chake akatswiri adathamangira ku kompyuta. Cha m'ma 1990, a James Belak ndi anzawo ku Lawrence Livermore, m'dziko la America, adaiuza kompyuta malamulo a mmene maatomu amakokerana ndi kukankhana, kenaka n'kuisiya iwerengere komwe atomu iliyonse ya kopa ilowere mpeni ukamadutsa. Ku yunivesite ya Osaka, ku Japan, a Ikawa ndi a Shimada nawonso adagwira ntchito yomweyi.

Zotsatira zake n'zopatsa chidwi. Ukamasenga mochepetsetsa chonchi, ngakhale mpeni wakuthwa zedi umakhala ngati wobuntha. M'malo modula, umayamba kukankha ndi kufinya chitsulocho, maatomu ena n'kusokonekera pansi pa malo osalalawo. Kudziwiratu zimenezi kumapulumutsa mipeni yodula kwambiri, makamaka poti dayamondi salimba posema chitsulo cha ayironi: kukatentha, kaboni wake amalowerera m'chitsulomo, mpeni n'kutha.

Koma tisatengeke. Kompyuta imawerengera kanthawi kochepa kosaneneka, kotero kuti ntchito itheke, ofufuza ambiri amathamangitsa mpeni wawo wongoyerekezawo mamita 100 kapena kuposa pa sekondi. Mpeni weniweni m'fakitale umayenda mamita ochepa chabe pa sekondi. Ndiye zonena kompyuta si zongomeza ayi, mpaka mmisiri atazitsimikiza pamakina enieni.

Inu ophunzira, taonani apa: ntchito imeneyi safunsa ngati kwanu kuli mgodi kapena fakitale. Chofunika ndi masamu, fizikisi ndi kompyuta. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene akuthawa masamu lero adzangokhala wogulitsa katundu wa anzake, osadziwa chomwe chikumukwezera mtengo.