Kulima ndi njinga yamoto ya matayala anayi

Ku America, m'zigawo monga Wisconsin, Michigan ndi Alabama, kuli alenje amene amalima minda yomwe zokolola zake sadya iwo. Amalambula kamalo ka ekala imodzi kapena theka pakati pa nkhalango, n'kufesamo clover, tirigu, soya kapena mbewu za m'gulu la mpiru, cholinga chili choti agwape azolowere kudzadya pamenepo. Tinjira topita kumeneko n'topapatiza moti thirakitala singadutse. N'chifukwa chake ambiri amakoka zipangizo zolimira ndi njinga yamoto ya matayala anayi, imene kumeneko amaitcha ATV.

Njingayi sinapangidwire kulima. Honda inatulutsa ya matayala atatu mu 1970, ndipo Suzuki inabwera ndi ya matayala anayi mu 1982. Pofika 1988 kugulitsa zatsopano za matayala atatu kunali kutaimitsidwa ku America chifukwa zinkagubuduka n'kupha anthu. Ya matayala anayi ndiyo inatsala, alimi ndi alenje n'kuyamba kuipatsa ntchito za thirakitala.

Vuto lagona apa. Thirakitala ndi yolemera, ili ndi mikono yonyamula ndi kutsitsa pulawo, komanso injini yake imatha kuzunguza mipeni ya chipangizo chimene ikukoka. ATV wamba ilibe zonsezo. Imalemera makilogalamu 300 kapena chapompo, ndipo ntchito yake ndi kukoka basi. Choncho chimene chimalowetsa chitsulo m'nthaka ndi kulemera kwa chipangizocho, osati kukula kwa injini. Chipangizo chofala kwambiri ndi disc harrow, mbale zachitsulo zakuthwa m'mphepete zimene amazindandalika pa mtanda mopendeketsa pang'ono. Chikakhala chopepuka, mbalezo zimangodumphadumpha pamwamba pa udzu, kusiya timizere tosafika n'komwe pa mizu. Mudzaona mlenje atasanjika njerwa za simenti pamwamba pake n'kuzimanga ndi malamba. Akawonjeza kupendekeka kwa mbale, zimaluma kwambiri, koma katundu amalemera, matayala amayamba kuterereka.

Odziwa ntchitoyi sayamba ndi chitsulo. Amatchetcha udzu, amapopera mankhwala opha udzu monga glyphosate, n'kudikira masabata awiri kapena atatu kuti mizu ife ndi kumasuka. Kenako amayang'ana chinyezi. Mukatapa dothi n'kulifinya m'manja, liyenera kuumbika, koma mukaligogoda ndi chala limwazike. Likamata ngati nsima, ndiye kuti lanyowetsa: kulilima pamenepo kumapanga zibuma zimene zikauma sizisweka. Likauma gwa, mbale sizilowa ngakhale mutazungulira kakhumi.

Chosangalatsa n'chakuti kufooka kwa njingayi sikuwononga ntchito. Njere za clover n'zazing'ono kwambiri, ndipo zikakwiririka kupitirira mamilimita 6 zambiri sizimera, chifukwa chakudya cha m'kanjereko chimatha mphukira isanaone dzuwa. Zimangofuna dothi lofewa pamwamba ndiponso kukhudzana nalo bwino. Ndiye mlenje akagalauza masentimita ochepa, amasalaza ndi chitsulo chokhala ndi mano chimene amachikhwekhwereza pansi, kenako amadutsitsa chigubudu cholemera chotchedwa cultipacker, asanafese komanso atafesa. Kwa ine chigubudu chimenechi ndicho chipangizo chofunika kuposa zinzake, ngakhale ogula ambiri amathamangira mbale zonyezimira. Nthaka ya m'nkhalango imakhalanso ndi asidi wambiri, pomwe clover amafuna pH ya pakati pa 6 ndi 7. Wosathira laimu amangotaya feteleza wake.

Kuzungulira kambirimbiri kuli ndi mtengo wake. Kumafukula njere za udzu zimene zinagona pansi, kumaumitsa nthaka, ndipo mbale zikamathera pa msinkhu womwewo chaka ndi chaka, pansi pake pamapangika dothi lotsendereka lomwe mizu ndi madzi zimavutika kuboola. Alangizi a zaulimi kuno kwathu amadandaula za vuto lomweli pansi pa mizere yolimidwa ndi khasu zaka zambiri.

Injini nayo imavutika. Kukoka katundu wolemera pang'onopang'ono kumaitenthetsa, ndipo njinga zambiri zimayendera lamba amene amapsa woyendetsa akaiwala kuika giya yotsika.

Koma choopsa chenicheni chili pa thupi la woyendetsa. ATV ndi yaitali m'mwamba, yopapatiza m'mbali, ndipo ilibe denga. Chipangizo chikakodwa pa chitsa, kapena chikamangidwa pamwamba m'malo mwa pa chokokera chake chapansi, kutsogolo kumanyamuka, njinga n'kugwa chagada. Potsetsereka, katundu wakumbuyo amakankha njinga moti mabuleki amalephera kuigwira. Ambiri amene amafa ndi njingazi pa ntchito za kumunda amakhala atapanikizika pachifuwa, kulephera kupuma, ali okha kutali ndi anthu. Helemeti imateteza mutu, koma singachotse makilogalamu 300 pa nthiti.

Ku Australia, kumene njingazi zakhala zili m'gulu la zinthu zopha anthu ambiri m'mafamu, boma linalamula kuti kuyambira mu October 2021 njinga zatsopano zogwirira ntchito zizigulitsidwa ndi chitsulo choimirira kumbuyo kwa mpando, chimene chimasiya mpata pansi njinga ikagubuduka. Honda ndi Yamaha anakana lamulolo ndipo anasiya kugulitsa njinga za mtunduwu m'dzikolo.