NCHITO YOTHYOLA MSANA: ZA HENRY OLONGA, WOPONYA MPIRA WA KIRIKETI

Makolo athu amene anagwira nchito m'Salisbury, m'Lusaka ndi m'Blantyre masiku a Chitaganya anali kuona masewera a kiriketi ali kunja kwa mpanda, kapena atanyamula tiyi wa Azungu, ndipo ambiri anabwerako akunena kuti amenewa ndi masewera a anthu aulesi, ongobvala zoyera ndi kuimirira pa kapinga tsiku lonse. Sanalakwe kwenikweni, pakuti mwa anthu khumi ndi mmodzi a timu alipo ena amene angathe kuweruka malaya ao asanade. Koma alipo wina amene aweruka ali wolefuka monga munthu wochokera pansi pa mgodi, ndiye woponya mpira mwaliwiro. Lero tifuna kuuza owerenga athu za nchito ya munthu wotere, ndipo tatenga mbiri ya Bambo Henry Olonga, amene anabadwira m'Lusaka pa 3 July 1976.

Poyamba tifotokoze nchitoyo, popeza si onse aidziwa. Mpira wa kiriketi ndi wolimba ngati mwala, wokutidwa ndi chikopa, ndipo ulemera pang'ono kuposa maaunzi asanu. Womenya aima ndi thabwa lache patsogolo pa timitengo titatu, ndipo pakati pa timitengo ta mbali iyi ndi ta mbali inayo pali mayadi 22. Woponya ayambira kutali, athamanga, adumpha, ndi kuponya mpirawo mkono uli woongoka, kuti unjanje pansi ndi kugwetsa timitengo, kapena kuti womenyayo aumenye molakwa wina naugwira m'mwamba. Akatswiri aponya pa liwiro la mailosi 90 pa ola, ndiko kuti womenya alibe ngakhale theka la sekondi loganizira. Akaponya kasanu ndi kamodzi, ndiyo ova imodzi, ndipo mnzache alandira. Pa masewera akulu a masiku asanu, ochedwa Test, munthu mmodzi angathe kuponya maova makumi awiri tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwache amuitananso.

Thupi la munthu silinapangidwire zimenezi. Nthawi iri yonse pamene phazi lakutsogolo ligunda pansi, mwendo ulandira kulemera koposa kwa thupi lonse kangapo, ndipo nthawi yomweyo msana upindika ndi kupotoka. Chifukwa chache mafupa a m'chiuno ang'aluka pang'ono pang'ono, monga mpini wa khasu umene uyamba mng'alu mwini wache asakudziwa. Bambo Dennis Lillee wa ku Australia, mmodzi wa akatswiri oposa onse, anapezeka ndi ming'alu yotere m'chaka cha 1973, nabvekedwa pulasitala, ndipo anthu anati watha. Anabwerera ataphunziranso kuthamanga ndi kuponya monga mwana wa sukulu. Dzina lache mulisunge, tikumana nalonso.

MANYAZI PA TSIKU LA ULEMU

Atate a Henry Olonga anali dokotala wochokera ku Kenya, amai ache a ku Zambia, ndipo iye anakulira ku Zimbabwe naphunzira pa sukulu ya Plumtree, kumene anadziwika ndi liwiro ndiponso ndi kuimba. Kumapeto kwa January 1995, ali ndi zaka 18 zokha, anasankhidwa kusewera Test yolimbana ndi Pakistan m'Harare, ndipo anakhala munthu wakuda woyamba kusewerera Zimbabwe pa masewera a mtundu umenewu. M'ova yache yoyamba anaturutsa Saeed Anwar, womenya wochuka. Dziko lache linapambana, ndipo kunali kupambana kwao koyamba pa Test.

Koma pa masewera omwewo woweruza, Bambo Ian Robinson, anapfuula kuti mnyamatayo wagenda. Owerenga amvetse kulemera kwa mau amenewa. Lamulo liti mkono usapindike ndi kuongoka poponya, monga tichita pogenda mango. Wochita chomwecho ayesedwa wakuba m'masewera. M'chaka cha 1963 Ian Meckiff wa ku Australia anatsutsidwa chotero pa Test nasiyiratu kiriketi. Taganizani mnyamata wongochoka kumene pa sukulu, amene pfuko lonse limuyang'ana monga woyamba wa ife, ndipo tsiku lache la ulemu lisanduka la manyazi pamaso pa khamu.

Anthu ambiri akadabwerera kwao. Iye anapita ku Madras, ku India, ku sukulu ya oponya mwaliwiro kumene mphunzitsi wamkulu anali Lillee yemwe uja, nayamba kukonza kaponyedwe kache. Mmisiri ali yense adziwa kuti kuphunzira nchito yatsopano nkwapafupi kusiyana ndi kuiwalitsa dzanja chimene linazolowera. Ife tiyesa kuti pa zonse zimene anachita pa bwalo, chobvuta koposa chinali chimenechi, ngakhale palibe anachiombera m'manja.

MTIMA WA WOPONYA

Tsono tinene za mtima, pakuti miyendo yokha siikwanira. Woponya mwaliwiro agulitsa mantha. Afuna kuti womenya aziganizira nthiti zache ndi chibwano chache koposa timitengo tache, chifukwa munthu woopa asuntha mapazi mochedwa. Ndicho chache nthawi zina anjanjitsa mpira pafupi kuti udumphire kumutu, ndipo lamulo limlola. Sichinthu chosewera nacho. M'mwezi wa November 2014, m'Sydney, Phillip Hughes anamenyedwa ndi mpira wotere m'khosi, pansi pa chisoti, namwalira patapita masiku awiri. Woponyayo sanachimwire lamulo liri lonse, ndipo pambuyo pache anabwerera ku nchito yache. Munthu wa nchito imeneyi ayenera kukhala waukali pa masekondi owerengeka aja akuthamanga, ndi kukhalanso munthu wamba akatembenuka kubwerera poyambira. Osadziwa kuzimitsa motowo abvuta anzao, ndipo osadziwa kuukoleza sakhalitsa m'timu.

Chinanso nchakuti ayenera kuiwala msanga. M'November 1998, ku Sharjah, Olonga anaponyera Sachin Tendulkar mpira wodumphira kumaso, ndipo mfumu ya omenya ya ku India inaturuka itathedwa nzeru. Patangopita masiku owerengeka anakumananso pa masewera otsiriza. Tendulkar anapeza marani 124 osaturuka, ndipo amene anamva nkhwangwa koposa anali Olonga. Dziko la India linapambana osataya ngakhale womenya mmodzi. Kufikira lero Amwenye okonda kiriketi akumbuka dzina la Olonga chifukwa cha chikwapu chimenecho.

Koma onani zimene zinachitika patapita miyezi isanu ndi umodzi. Pa 19 May 1999, m'mzinda wa Leicester ku England, Zimbabwe inakumananso ndi India pa mpikisano wa dziko lonse. Tsikulo Olonga anayamba moipa, mipira yache ikusokera kumbali, ndipo kapitao, Bambo Alistair Campbell, anamchotsa. Pofika kumapeto Amwenye anatsala ndi marani osakwana khumi kuti apambane, ali ndi omenya atatu oti aturutsidwe. Apo Campbell anaponyera mpira kwa Olonga, ndipo ambiri anayesa kuti kapitaoyo wazungulira mutu. M'ova imodzi yokha anaturutsa Robin Singh, Javagal Srinath ndi Venkatesh Prasad, ndipo Zimbabwe inapambana ndi marani atatu. Akadathamanga akuganizira za ku Sharjah, kapena za mipira yosokera ya tsiku lomwelo, dzanja likadanjenjemera. Chaka chotsatira, m'January 2000, anaturutsa Angerezi asanu ndi mmodzi ku Cape Town atangopereka marani 19.

Tisabise, Olonga sanali woponya wolunjika masiku onse. Anali ngati mvula ya chizimalupsya, lero yagwa ndi mabingu, mawa kuli ng'amba. Pa ma Test 30 anaturutsa omenya 68. Makhaya Ntini wa ku South Africa, amene anali mbusa wa ng'ombe ku Mdingi ali mwana, anasewera ma Test 101 naturutsa 390, chifukwa thupi lache linali losatopa ndipo anali kulisamala ndi kuthamanga mitunda yaitali. Kubvulala kunamchotsa Olonga m'timu kawiri kawiri, ndipo ali yense wolandira malipiro adziwa chimene chichitika ukagona m'chipatala: wina aima pa malo ako, ndipo akachita bwino, ubwera upeza pakhomo potseka.

KANSALU KAKUDA

Sichinali chironda chimene chinatsiriza nchito yache. Pa 10 February 2003 mpikisano wa dziko lonse unafika m'Harare, ndipo Zimbabwe inasewera ndi Namibia. M'mawa mwache Olonga ndi Andy Flower, mmodzi wakuda wina woyera, anapereka kalata kwa olemba nyuzi, naturuka atamanga kansalu kakuda kumkono, kunena kuti akulira imfa ya ufulu wa anthu m'dziko lao, pa ulamuliro wa Bambo Robert Mugabe. Masiku amenewo m'dzikomo munali njala, ndipo otsutsa Boma anali kumangidwa ndi kumenyedwa.

Flower anali wa zaka 34, ali pafupi kupuma, ndipo nchito inali kumdikira ku England. Olonga anali wa zaka 26, msinkhu umene woponya mwaliwiro afika pachimake. Kalabu yache ya Takashinga inamchotsa. Akulu ena anamucha wogulitsa pfuko, ndipo analandira mau omuopsyeza kuti aphedwa. Pamene Zimbabwe inatsiriza masewera ache ku East London, m'South Africa, m'mwezi wa March, analengeza kuti wasiya kusewerera dziko lache, ndipo sanakwere ndege yobwerera kwao pamodzi ndi anzache. Anabisala kanthawi, kenaka anapita ku England.

Alipo amene anena kuti munthu wa masewera asalowerere za Boma, ndipo alipo ena amene anati mnyamatayo anangotumidwa ndi Azungu. Mau achiwiriwa ife sitiwabvomereza, pakuti wotayapo zambiri anali iye. Mbiri yache anailemba yekha m'buku lochedwa Blood, Sweat and Treason, limene linaturuka m'chaka cha 2010.

Pambuyo pache anasamukira ku Adelaide, m'Australia, nabwerera ku mphatso ija ya ku Plumtree. M'chaka cha 2019, chaka chimene Bambo Mugabe anamwalira, Olonga anaima pa mpikisano wa oimba wa pa televizioni wochedwa The Voice, ali ndi zaka 42. Oweruza a mpikisanowo amvera woimba atamfulatira, osaona nkhope yache, ndipo atembenuza mipando yao pokhapokha liu litawakondweretsa. Iye ataimba, mipando inatembenuka.