Si macheza onse a amayi amene ali miseche

Pa 15 Okutobala chaka chilichonse dziko lino limapuma pokumbukira Tsiku la Anakubala. Tsikuli limagwa pa nyengo yabwino, pakuti ndi pamene nthaka yathu imayamba kuonetsa moyo watsopano mvula isanagwe n'komwe. Anzathu a kumaiko ozizira ali ndi dzina lapadera la nyengo ya kuphuka kwa mitengo. Ife timangoiphatikiza m'chilimwe, koma maso athu amaidziwa: mitengo ya m'tchire imatulutsa masamba anthete ofiirira, jakaranda amayala maluwa ake m'misewu, mango amayamba kulemera m'nthambi, ndipo aliyense amaponya maso kuphiri la Mulanje kuti aone ngati chizimalupsa chayandikira.

Ku Luchenza, tauni ya pamsewu wochokera ku Thyolo kupita ku Mulanje, pamene panadutsa njanji yochokera ku Nsanje yomwe inafika ku Blantyre mu 1908, nyengo imeneyi ili ndi kukoma kwake ndiponso kuwawa kwake. Gawo lalikulu la tiyi wa m'dziko muno limathyoledwa m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo. M'chilimwe mphukira zimachepa, ntchito ya kuesiteti imachepanso, ndipo ambiri amene amalembedwa pa nyengo yothyola yokha amakhala ali pakhomo. Sukulu zatsegulira kumene ndipo zatha ndalama. Nandolo wakololedwa. Timinda ta kumudzi, timene ndi tating'ono chifukwa malo aakulu ali m'manja mwa maesiteti, sitichedwa kusosa. Dzuwa likapendeka, amayi amayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo macheza amayamba.

Amene anakhalapo pafupi ndi mkeka wotere akudziwa mmene nkhani zake zimayendera. Sizikhala ndi mutu umodzi ayi. "Achemwali, ulusi uwu munaugula kuti? Wa pamsika uja ukusuluka ukangochapidwa kamodzi." Wina akuluka chipewa cha khanda, wina akuluka mnzake tsitsi, wina akusenda nandolo wouma m'lichero. "Nanga anganga agona bwanji ndi mwendo uja?" Asanayankhidwe n'komwe, nkhani yalumpha kale kupita ku maluwa odzalidwa m'zitini zakale amene mbuzi za apongozi zadya, kenaka ku nyimbo yatsopano ya kwaya imene ikuvuta a mawu achiwiri, kenaka ku mpira wa ntchemberembaye ndi masiku amene Mary Waya ankagwedeza mabwalo. "Alamu anu a ku Joni aimba dzulo, akuti abwera pa Khirisimasi." Onse amaseka, pakuti mawu amenewo anawamvanso chaka chatha. Pamoto pamakhala mphika wa kalongonda, chakudya chimene sichifuna munthu wothamanga, chifukwa chimaphikidwa nthawi yaitali madzi ake akutayidwa ndi kusinthidwa kuti ululu uchoke. Macheza ndi kalongonda amapsera limodzi.

Tsono ife a mumpingo tili ndi chizolowezi chimene tiyenera kuchiunika. Tikaona amayi atatu kapena anayi atakhala pamodzi akuseka, mawu oyamba kubwera m'maganizo mwathu ndi akuti miseche. Paguwa timathamangira ku 1 Timoteo 5:13 ndi ku mutu wachitatu wa kalata ya Yakobo, umene umafanizira lilime ndi kamoto koyatsa nkhalango yaikulu. Malemba amenewa ndi oona, ndipo palibe mudzi umene sunapsepo ndi moto wotere. Komatu Yakobo sanalembere akazi okha. Abambo akakhala pa bawo tsiku lonse, kapena akamakangana za Maule ndi Nyerere mpaka mawu kusasa, timati akukambirana. Amayi akakhala ola limodzi akufunsana za ana, timati akudya anthu. Sikelo yotere, ikanakhala yoyezera tiyi, othyola akanaikana kalekale.

Baibulo lenileni siliwaona motero macheza a akazi. Mariya atamva uthenga wa mngelo, anafulumira kupita kumapiri a Yudeya kwa m'bale wake Elizabeti, ndipo Luka 1:56 akutiuza kuti anakhala kumeneko pafupifupi miyezi itatu. Luka anatilembera malonje awo ndi nyimbo ya Mariya basi. Koma miyezi itatu ndi masiku ambiri, ndipo akazi awiri oyembekezera, wina mtsikana wina wokalamba, sakanangokhala chete masiku onsewo. Panali madzi otunga, panali nsalu zokonzera khanda, panali mantha ofunika munthu woti awamve. Mulungu sanamusiye mtsikana uja kuti asenze yekha nkhani yolemera chotero. Anamulozera kwa mkazi mnzake.

M'buku la Rute, pamutu wachinayi, amene anasangalala ndi Naomi ndi kutcha mwana dzina lakuti Obedi anali akazi oyandikana naye nyumba, omwewo amene anamuona akubwerera ku Betelehemu wopanda kanthu. Ku Filipi, monga mwa Machitidwe 16, Paulo anatuluka kunja kwa mzinda tsiku la Sabata napeza akazi atasonkhana m'mbali mwa mtsinje, ndipo mwa iwo munali Lidiya wogulitsa nsalu, amene nyumba yake inasanduka malo okumaniramo abale. Nanga Dorika wa ku Yopa? Machitidwe 9 sanasunge ngakhale liwu limodzi limene iye analankhula. Chimene tikudziwa ndi chakuti atamwalira, akazi amasiye anaima mozungulira Petulo akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene anasoka akali nawo. Aliyense amene anasokapo pagulu akudziwa kuti singano siyenda pakamwa pali duu.

Mipingo ya kuno kwathu inazindikira zimenezi kale, ngakhale mwina siinene poyera. Amayi a Mvano a mu Sinodi ya Blantyre, amayi a Dorika a mpingo wa Seventh Day Adventist umene unakhazikika ku Malamulo, ku Makwasa, kuyambira mu 1902, a Mothers' Union a mpingo wa Anglican, ndi mabungwe a amayi a Chikatolika, onsewa ali ndi ndondomeko zawo za mapemphero, kuwerenga Mawu ndi zopereka. Koma funsani mayi aliyense wovala yunifolomu kuti anamva kuti zoti mnzake wagona ndi njala masiku awiri. Sanamve pa nthawi ya zolengeza. Anamva pobwerera, m'kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, nkhani ya mtengo wa sopo itatha, mnzakeyo atatsitsa mawu nati, "Achemwali, kunyumba kwanga sikuli bwino." Mawu olemera ngati amenewa satuluka pokhapokha mawu opepuka atayamba atsegula njira. Munthu amene sunasekepo naye za mbuzi yodya maluwa sungamuuze kuti mwamuna wako wayamba kukumenya.

Zipatso za macheza otere zimaoneka ndi maso. Pulogalamu ya Zokonda Amayi pa wailesi ya MBC ndi ya malonje ndi nyimbo, yongoti amayi apatsane moni, koma mwa iyo munatuluka magulu m'maboma ambiri amene amazonda odwala m'zipatala ndi kuthandizana pa maliro. Banki mkhonde, imene njira yake inayambira kwa amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, imayenda chifukwa okhala pa khondelo amadziwana. Amadziwa amene geni yake ya zitumbuwa ikuyenda, ndi amene akufuna kukongola chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu. Pamene matenda a chisaka anawononga nthochi zimene Thyolo ankatchuka nazo, ndiponso pamene mtengo wa nandolo unagwa mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mabanja ambiri anatsamira pa timagulu totere.

Koma chitsanzo chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ndi cha Edzi. Achikulire akukumbukira zaka zimene ku Thyolo maliro ankachita kudikirana, ndipo dzina la nthendayo silinkatchulidwa ngakhale pa mwambo wa maliro. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'bomali mu 2003. Mankhwala atapezeka, panatsala vuto la mtunda ndi mizere yaitali kuchipatala, makamaka kwa munthu amene tsiku limodzi losagwira ntchito ndi tsiku losadya. Ku Tete, m'dziko la Mozambique, mu 2008 anayambitsa timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi oyandikana nyumba, amene amasinthana kupita kukatengera anzawo onse mankhwala, ndipo njira imeneyi inadzafikanso ku Thyolo. Ambiri olowa m'timaguluti anali amayi. Kuti munthu apereke buku lake la kuchipatala m'manja mwa mnzake, ndiye kuti anamuuza chinsinsi chimene mwina ngakhale abusa ake sachidziwa, ndipo anaona kuti chinsinsicho sichinamveke pamjigo. Kukhulupirirana kotere sikugulidwa ndi ndalama za mabungwe. Kunaphikidwa pang'onopang'ono pa mikeka ija timainyoza.

Pali nkhani inanso yowawa imene sitingaidumphe polankhula za amayi a m'minda ya tiyi. Mu 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, yomwe Eastern Produce Malawi inali pansi pake, inagwirizana zopereka ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 amene anadandaula kuti anachitidwa nkhanza zogonana pantchito, ngakhale kampaniyo siinavomere kulakwa. Mkazi wochitiridwa zotere sayambira kwa loya, ndipo kawirikawiri sayambira kwa mwamuna wake kapena kwa mkulu wa mpingo, poopa kuti mlandu ungamutembenukire iye mwini. Amayambira kwa mkazi mnzake. Ngati taphunzitsa ana athu aakazi kuti mkazi wabwino ndi wosalankhula, wosayenda kwa anzake, wongochoka kuntchito n'kudzitsekera m'nyumba, ndiye kuti tathandiza munthu woipa kubisa zoipa zake.

Apa ndi pamene kusiyana kwa macheza ndi miseche kumaonekera bwino. Nkhani ikhoza kukhala imodzimodzi, yakuti mwana wa uje ali ndi pathupi ali pasukulu. Pa mkeka wina, nkhaniyo ikatha, wina amanyamuka ndi kambale ka ufa kupita kwa mayi wa mtsikanayo, ndipo wina amakumbutsa anzake kuti malamulo a maphunziro amalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Pa mkeka wina, nkhaniyo imatha ndi kuwomba m'manja, n'kunyamulidwa kupita kuchigayo itawonjezeredwa mchere. Poyamba paja mawu apita kwa mwini vuto atasenza thandizo. Pachiwiripa mawu azungulira mudzi wonse, kupatula khomo la mwini wake. Amayi eni ake amadziwa bwino kusiyanitsa ziwirizi kuposa ife olalikira, ndipo amadziwa mnzawo amene akafika nkhani imasinthidwa msanga kukhala ya mitengo ya tomato.

Sitikunena kuti pa mkeka pamakhala mtendere masiku onse. Ku Filipi komwe kuja, Paulo anachita kutchula maina a Euodiya ndi Suntuke m'kalata yowerengedwa pamaso pa mpingo, powadandaulira kuti agwirizane. Koma taonani kuti sanawalamule kuti aleke kuonana. Anawatchula kuti ndi akazi amene anagwira naye ntchito ya Uthenga Wabwino, napempha mnzake wina kuti awathandize.

Kwa abambo, pempho lathu ndi laling'ono. Mayi akachedwa pang'ono kuchokera ku Mvano kapena ku banki mkhonde, funso loyamba lisakhale lakuti, "Mumadya ndani lero?" Mwina amene amakambidwa kumeneko ndi mayi anu omwe, ndipo mawa kubwera anthu odzawazira nyumba. Kwa atsogoleri a magulu a amayi, ndondomeko isadzaze mpaka kusowa mpata woti anthu afunsane za kunyumba. Pambuyo pa namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pali amayi amene mpaka lero sangathe kulankhula za usiku umenewo, koma angathe kukhala pakati pa anzawo akuluka ndi kumvetsera nkhani za maluwa. Asathamangitsidwe kuti apereke umboni.

Ndipo kwa amayi eni mkeka, yang'anani amene palibe. M'midzi yathu ya chikamwini, mkazi amakhala pakati pa abale ake, kotero okhala pa mkeka nthawi zambiri ndi pachibale, ana a mbumba imodzi. Koma m'malaini a kuesiteti ndi m'nyumba za lendi za pa Luchenza muli akazi obwera, ena ochokera ku Nsanje, ena ku Milange kutsidya kwa malire, amene anatsatira amuna awo kapena ntchito. Alibe azakhali pafupi, alibe anganga owauza chochita khanda likatentha thupi usiku. Iwowa sangadziitane okha. Wina ayenera kuima pakhomo pawo ndi kunena kuti, "Odi! Tabwerani mudzatithandize kusenda nandolo."

Mpata wochitira zimenezi ndi waufupi. Mvula yeniyeni ikangogwa, tiyi amaphuka mwamphamvu, ndipo amayi amalawirira mbandakucha, dengu kumsana, kukathyola masamba awiri ndi kamphukira mpaka nthawi ya sikelo. Pobwera amapitirira kumunda kukapalira chimanga. Mkeka umapindidwa n'kuikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo chipewa cha khanda chimene sichinathe chimadikira mpaka chiperoni cha mu Juni.