N'chifukwa Chiyani Bokosi la Batire Limakhala ndi Zibowo?

Kalavani ndi kanyumba ka matayala kamene amakamangirira kumbuyo kwa galimoto. Ku South Africa ndi ku Australia mabanja ambiri amakoka tinyumba totere popita kutchuthi, n'kukagona m'mbali mwa nyanja kapena kumalo osungirako nyama monga Kruger. M'kati mwake mumakhala bedi, magetsi, kafiriji, mwinanso kampope ka madzi. Kupatula bedi, zonsezi zimadya moto wa batire, limene limakhala m'bokosi pansi pa mpando kapena kutsogolo pafupi ndi chitsulo chokokera. Mukaliyang'anitsitsa bokosilo, mupeza kuti lili ndi zibowo kapena kapaipi kotulukira panja. Kodi mmisiri anaiwala kutseka? Ayi ndithu, anaboola dala.

Batire lofala m'makalavani ndi mbale wake wa batire la galimoto. Mtundu umenewu anautulukira Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. M'kati mwake muli tizipinda 6, ndipo kalikonse kali ndi mapale a mtovu omizidwa mu asidi wosakaniza ndi madzi. Kachipinda kamodzi kamapereka mavolti 2, tonse pamodzi 12.

Batire limatchajidwa ndi sola ya padenga, kapena ndi injini galimoto ikamayenda. Likatsala pang'ono kudzaza, magetsi osowa kolowa amayamba kuphwanya madzi aja, ndipo madziwo amasanduka mipweya iwiri, haidrojeni ndi okosijeni. M'batire mumachita tithovu phuliphuli. Haidrojeni ndiye wovuta. Saoneka, sanunkha, koma amayaka msanga zedi. Akangofika magawo 4 pa magawo 100 a mpweya wa m'bokosi, kamoto kothetheka pa waya wosamangidwa bwino kangathe kuphulitsa zonse, asidi n'kuthovokera paliponse. Chibaluni chachikulu chonyamula anthu chotchedwa Hindenburg, chimene chinapsa ku New Jersey mu 1937, chinali chodzaza ndi mpweya womwewu.

Mwayi wake ndi woti haidrojeni ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse. Mpweya umene timapumawu umamuposa kulemera pafupifupi ka 14. Choncho akangotuluka m'batire amathamangira m'mwamba, ngati utsi wa m'khitchini wofuna potulukira kudenga. N'chifukwa chake chibowo chotulukira amachiika pamwamba penipeni pa bokosi, moloza panja, osati m'chipinda chogona anthu. Chibowo china amachiika m'munsi kuti mpweya wabwino uzilowa n'kumakankha woipawo. Munthu akaboola m'munsi mokha wangotaya nthawi, pakuti haidrojeni adzaunjikana pansi pa chivundikiro n'kumadikira.

Tsono tamverani izi. Kalavani yomweyo imanyamulanso silinda ya gasi wophikira, ndipo gasi ameneyu khalidwe lake ndi losiyana kotheratu. Ndi wolemera kuposa mpweya, motero akadontha amatsikira pansi. Chibowo chotulukira cha m'kabati ya gasi chimakhala pansi, cha batire pamwamba. Awiriwa sawagoneka m'kabati imodzi, chifukwa pa batire ndi pamene pamathetheka moto.

Ena amawonjezera kafani. Amisiri ochenjera amakaika pa chibowo cha m'munsi kuti kazipemerera mpweya kulowa m'bokosi. Kakakhala pamwamba, haidrojeni yense amadutsa pa kamota kake, ndipo timamota tina timathetheka tikamazungulira.

Zibowozi zili ndi ntchito yachiwiri, yochotsa kutentha. Kutentha sikuphulitsa batire tsiku limodzi, koma kumalidya pang'onopang'ono. Batire la mtovu limasangalala pa madigiri 25. Opanga mabatire amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 n'kukhala pomwepo, moyo wa batire umadulidwa pakati. Limene likanagwira ntchito zaka zinayi limatha m'zaka ziwiri. Madzi ake amauma msanga, mapale amadyeka. Ndiye taganizani bokosi lachitsulo lotsekeka, lili padzuwa la m'chipululu cha Kalahari kuyambira m'mawa mpaka madzulo!

Pofuna kupewa zimenezi, eni kalavani amasiya mpata pakati pa batire ndi linzake kuti mphepo izidutsa. Salifunditsa zovala kapena mabulangete, ndipo saliika kuseri kwa firiji kumene kumatuluka mpweya wotentha. Akafika pogona amaimika kalavani pamthunzi. Apa pali kamkangano koseketsa: batire likufuna mthunzi, sola ikufuna dzuwa. Ambiri amathetsa mlanduwu pogula sola yonyamula m'manja ya waya wautali. Kalavani pansi pa mtengo, sola pabwalo.

Masiku ano kwabwera mabatire a lithiamu, opepuka komanso okwera mtengo. Amenewa akamagwira ntchito bwinobwino satulutsa haidrojeni, koma kutentha nawonso amadana nako. M'kati mwawo muli kachipangizo kamene kamazimitsa batire likatentha mopitirira. Alinso ndi vuto lawolawo: safuna kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 0, pamene madzi amaundana.

Mwina kwanu kulibe kalavani, koma nyumba zambiri zili ndi batire la sola lowunikira ndi kutchajira mafoni, ndipo nthawi zambiri ndi la mtovu lomweli. Lisamakhale m'kabati yotsekeka, pafupi ndi mbaula, kandulo kapena koloboyi. Mukamva fungo la mazira owola kuchokera pa batire, kapena mukaona kuti latupa m'mbali, ndiye kuti latchajidwa mopitirira ndipo latentha. Musalikhudze, musayatse machesi. Tsegulani chitseko ndi mawindo, tulukani panja, muitane munthu wamkulu.